Maliro a Bambo Anga, Mwini Wailesi

Ndinadzuka tambala woyamba asanalire, ngati kumeneko kungatchedwe kudzuka, pakuti ndinangosinza chotsamira khoma. M'nyumba munali modzaza azimayi. Ena anali atagona chokhala, ena ankang'ung'udza nyimbo ya ku tchalitchi imene inawatsalira pakamwa. Pakati pa chipinda panali thupi la bambo anga, lofunditsidwa nsalu yoyera, ndipo amayi anali chakumutu, maso ali pa koloboyi amene ankazilala.

Ndinatuluka panja. Mvula inali itakata, koma kumapiri a ku Kasupe kunali kukung'anima. Azibambo anali atazungulira moto pansi pa chisakasa chimene anamanga dzulo lake. Pafupi ndi mtengo wathu wa mango panalibe munthu. Mtengowo unali utang'ambika kuchokera kunsonga mpaka patsinde, ndipo chidutswa cha waya wakuda chinkalendewera panthambi.

Munali m'chaka chimene chitaganya cha mayiko atatu chinayamba, mvula yoyamba itangogwa, kwathu kwa Kalembo. Bambo anagwira ntchito ya njanji pa Balaka kuyambira ali mnyamata, ndipo atapuma anagula wailesi, yoyamba m'dera lathu lonse. Inali yachitsulo, yobulungira ngati sefuliya, batire lake lalikulu ngati njerwa ziwiri. Kuti igwire mawu, anamanga waya wautali kuchokera pawindo kukafika pamwamba pa mtengo wa mango uja. Madzulo anthu ankadzaza pabwalo kudzamva Chinyanja cha ku Lusaka. Akabalalika, bambo ankayamba kupotokola kagudumu kake pang'onopang'ono, khutu lili pafupi, kufunafuna mayiko ena m'kati mwa phokoso longa la mafuta otentha. Ankapeza magitala a ku Kongo, Chipwitikizi cha ku Delagoa, Chiswahili cha ku Dar es Salaam, nthawi zina mpaka Amwenye a kutsidya kwa nyanja yamchere. Zambiri sankazimva, koma sankatopa nazo. Ankandiuza kuti, “Amenewa sakulankhula ndi ife. Akuuzana zakwawo, wakuti wamwalira, ng'ombe ya uje yasowa, mvula yachedwa. Ife tangoima kuseri kwa mpanda wawo.”

Lamulo lawo linali limodzi. Mitambo ikada, waya uchotsedwe kumbuyo kwa wailesi ndi kuponyedwa kunja. Lachiwiri masana anauchotsa okha, n'kupita kumunda. Ine ndinali ndi mwamuna ku migodi ya ku Nkana amene anali atatha zaka ziwiri osalemba kalata, ndipo tsiku limenelo ku Lusaka ankawerenga moni wa anthu a kumigodi. Ndinautola wayawo n'kuulumikizanso. Dzina langa silinatchulidwe. Madontho atayamba, ndinathamangira kukaanula ufa pamphasa, osakumbukira china chilichonse. Bambo anafika akuthamanga, anamva wailesi ikuimba, n'kulowa kuti akachotse waya. Mphenzi inagwa dzanja lawo lili pomwepo.

Zimenezi sindinauze munthu. Anthu anangoti mkuluyo anaiwala lamulo lake lomwe, ndipo pofika Lachitatu anali atapeza chifukwa chimene munthu wosamala chotero akanaiwalira. Bambo anali ndi mng'ono wawo, Che Jafali, amene anatsala m'Chisilamu kwawo ku Kasupe pamene bambo analowa Chikatolika. Miyezi ingapo mmbuyomo awiriwa anakangana pabwalo pathu. Masiku amenewo anthu ambiri ankati wailesi ndi pakamwa pa azungu pokometsera chitaganya, ndipo Che Jafali, atapsa mtima, ananena anthu akumva kuti, “Achimwene, chitsulo chimenechi chidzakuphani.” Anachoka osatsanzika. Tsopano mawuwo anali pakamwa pa aliyense.

Kutayamba kuyera, azimayi anasonkha moto kuseri kwa nyumba. Nkhuni zinali zonyowa, utsi unkakwawa pansi n'kumalowa m'maso. Adzukulu ananyamula makasu kupita kumanda. Mmisiri wokhoma bokosi anali atagona pathu, ndipo dzuwa lisanatuluke macheka ake anayamba kulira. Matabwa anaperewera, choncho anazula chitseko cha nkhokwe yaing'ono ya bambo n'kuonjezera. Ine ndinkatunga madzi. Ndinapita kuchitsime kasanu, mwina kasanu ndi kamodzi, ngakhale mitsuko inali yodzaza, chifukwa m'njira munalibe wondiyang'ana kumaso.

Anthu anayamba kufika m'magulumagulu. A mpingo anabwera ndi mtanda ndi mabuku a nyimbo okutidwa m'masamba a nthochi. Anzawo a bambo a ku njanji anabwera panjinga kuchokera ku Balaka, atavala makaki awo, matope mpaka m'mawondo. Panabwera nkhalamba ina yosaona imene inkakonda kukhala pafupi kwambiri ndi wailesi, kuigwira ndi dzanja kuti imve kunjenjemera kwake. Inapempha kuti aitsogolere pawindo paja, ndipo inaima pamenepo nthawi yaitali. Aliyense wofika ankayamba wayang'ana mtengo wong'ambika uja, kenako n'kutsitsa mawu.

Dzuwa litakwera pang'ono, lotentha mwachinyezi, abale a ku Kasupe anatulukira kunjira. Anali atawoloka Shire pa Liwonde dzulo lake n'kugona m'njira. Patsogolo panali Che Jafali, mkanjo wawo woyera utada kumunsi, kofia yawo ya kumutu ili m'manja. Kulira kwa m'nyumba kunaduka. Anyamata amene anali pachisakasa anaimirira onse pamodzi.

Atsibweni anga, mlongo wawo wa amayi, ndiwo anali mwini maliro. Anakawachingamira alendowo asanafike pabwalo. Zimene anakambirana sindinamve. Ndinangoona azimayi a ku Kasupe akuloledwa kulowa m'nyumba, koma Che Jafali akulozeredwa pansi pa mlambe wa kumalire kwa munda, kutali ndi anthu onse. Sanawapatse mphasa. Anakhala pamuzu.

Kuseri kwa nyumba nkhani inali yomweyo. Mayi wina ankati mphenzi yotumidwa imadziwika chifukwa imasiya nyumba n'kusankha munthu. Wina ankati munthu wolimba mtima yekha ndiye angabwere kudzaona ntchito ya manja ake. Podutsa pakhola la mbuzi ndinamva anyamata atatu akupangana. Mmodzi anali ataguluula khasu pampini. Ankati mwambo wa kumanda ukatha, mkuluyo sawolokanso Shire.

Ndinatunga madzi m'chikho n'kupita kumlambe kuja. Ndinagwada, ndipo iwo analandira ndi manja awiri, koma sanamwe.

“Mwanangu,” anatero, “achimwene anavutika?”

“Iyayi, bambo. Zinachitika kamodzi.”

Anagwedeza mutu. “Ndimati ndibwera tikakolola, tidzakhale pansi. Lilime langa ndi loipa, aliyense akudziwa. Koma munthu amene anandibereka kumsana powoloka madzi...” Anaika chikho pansi n'kuphimba nkhope ndi kofia.

Za waya uja sindinawauze. Ndinatola chikho n'kubwerera kunyumba.

Masana atayandikira, adzukulu anatumiza mawu kuti manda atha, ndipo tifulumire chifukwa madzi ayamba kutuluka pansi. Thupi linaikidwa m'bokosi n'kutulutsidwa pabwalo. Aphunzitsi a mpingo anatsogolera mapemphero, pakuti ansembe anali kutali ndipo msewu unali utaduka. Anthu anayamba kudutsa mmodzimmodzi kuona nkhope. Pamenepo Che Jafali anaimirira n'kuyamba kubwera pang'onopang'ono. Anyamata aja anatseka njira.

“Ndingoona nkhope ya m'bale wanga,” anatero. “Ndikaona ndipita.”

Atsibweni anayankha mokweza kuti onse amve. “Munanena pabwalo pompano, ndipo zachitika monga munanenera. Mukufuna kuonanso chiyani?”

Khamu linayamba kusuntha. Ndinaona mpini uja ukukwera pang'ono kuseri kwa mapewa a anthu. Kwathu mkazi salankhula pamaliro, makamaka mwana wa malemu. Koma ndinapezeka ndachoka pakati pa azimayi, ndikuyenda ndi mawondo m'matope mpaka pamapazi pa atsibweni.

“Atsibweni, waya uja bambo anachotsa. Ndinaulumikizanso ndine.”

Sanamve bwino, kapena sanafune kumva. Ndinabwereza mokweza. Ndinanena zonse, za moni wa kumigodi, za ufa, za mmene ndinawapezera atagwa pafupi ndi windo. Ndinanena kuti ndakhala chete masiku awiri chifukwa cha mantha. Pomaliza mawu anga anali atasasa. Kunkangomveka mbuzi m'khola.

Woyamba kulankhula anali mkulu wina wa ku njanji, wa imvi, amene anagwira ntchito ndi bambo zaka zambiri. Ananena modekha kuti pa siteshoni mawaya a lamya amakoka mphenzi chaka chilichonse, ndipo iye anaonapo makina atapsa popanda munthu wowatumira kanthu. Anati malemu ankadziwa zimenezi, n'chifukwa chake anaika lamulo lija.

Atsibweni anandiyang'ana nthawi yaitali. Sindinathe kudziwa ngati unali mkwiyo kapena manyazi. Kenako anavula chipewa, anadutsa pakati pa anyamata aja, n'kukaima pamaso pa Che Jafali.

“Talakwa, achimwene. Bwerani mudzamuone.”

Che Jafali anagwada pambali pa bokosi. Anaika dzanja pamphumi pa bambo n'kulankhula nawo m'Chiyao motsitsa, chilankhulo cha ubwana wawo chimene bambo sankachilankhula kawirikawiri pakhomo pathu. Ataimirira anabwera pamene ndinali, anandigwira pamkono n'kundidzutsa m'matope.

Ulendo wa kumanda unayamba mitambo itatsekanso dzuwa. Mtanda unali patsogolo, kenako bokosi, kenako ife. Che Jafali ananyamula nawo kutsogolo, kudzanja lamanja, ndipo pamene ena ankalandirana, iwo anakana kulandiridwa mpaka kumanda. Njira inadutsa m'minda, chimanga chitangomera, ndipo anthu ankayesetsa kuponda m'mphepete. Kunayamba kuwaza. A mpingo ankaimba, abale a ku Kasupe ankayenda chete pambuyo pawo. Ine ndinkayenda ndekha. Azimayi amene m'mawa ankandigwira paphewa tsopano anasiya mpata pakati pa ine ndi iwo. Kumbuyo ndinamva wina akunong'ona kuti, “Nanga mwanayo anamulowetsa maganizo amenewo ndani?” Ndinadziwa kuti ena sadzasiya kukhulupirira zimene anayamba kukhulupirira, ndipo sanasiyedi.

Kumanda adzukulu anayamba akapa madzi ndi zikho. Anatsitsa bokosi ndi zingwe za luzi. Amayi anaponya dothi, atsibweni anaponya, Che Jafali anaponya katatu monga amachitira kwawo. Nthawi yanga itafika, dothi linandikakamira m'manja chifukwa cha kunyowa, ndipo ndinachita kulikankha ndi chala. Makasu atayamba, mvula inalimba, anthu n'kuyamba kubalalika mwambo usanathe bwinobwino. Mnyamata wa mpini uja ndinamuona akukwirira nawo manda, khasu atalibwezera pamalo pake, mutu uli pansi.

Pobwerera anthu anasamba m'manja pachipata, anadya mofulumira m'makonde, n'kumatsanzika. A ku njanji anakankha njinga zawo chifukwa msewu sunali wopalasika. Abale a ku Kasupe anapatsidwa nyumba ya atsibweni kuti agone. Tsiku lonselo, chichokere pamene ndinalankhula, amayi sanandiyang'ane ngakhale kamodzi.

Dzuwa litalowa m'nyumba munatsala awiri, ine ndi iwo. Azakhali amene ankagona nafe anali atapita kukaona ana kwawo, ati abweranso. Mphasa zinali zitapindidwa, ndipo chipinda chinkaoneka chachikulu kuposa kale. Madzi ankadontha kuchokera kudenga kugwera m'mbale imene wina anaitchera pakona. Ndinakhala pafupi ndi khomo, kudikira mawu amene ndinkadziwa kuti ndiyenera kuwamva.

Amayi analankhula akuyang'ana pansi.

“Lachiwiri lija ndinali kuseri kuno, ndikusankha mbewu ya nandolo. Nyimbo zija ndinazimva. Ndinadziwa kuti walumikiza ndiwe.”

Ndinawayang'ana, osamvetsa.

“Ndikanakuletsa, koma ndinati mwina lero amutchula mwanayu pa moni wa kumigodi. Ndipo anthu atayamba kuloza alamu anga, ndinakhala chete. Ndinaona kuti bola iwo kusiyana ndi mwana wanga.” Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. “Iwe unagwada pamaso pa anthu. Ine ndinali pomwepo, pakamwa pali potseka.”

Ndinasendera pafupi. Anandigwira dzanja, ndipo tinakhala choncho mpaka mbale ija inadzaza. Kenako anaimirira, anamanga bwino mpango kumutu, n'kufunda nsalu ina chifukwa kunja kunali kukuwazabe.

“Tsala,” anatero. “Ndikupita kwa alamu. Zimenezi akazimve kwa ine ndemwe.”