Mkamwini wa akatumba onenepa

Chizindikiro choyamba ndinachiona m'chaka chachiwiri cha chikamwini changa kwa Kasakula. Pokwera mtunda kuchokera kudimba miyendo inkalema msanga, ndipo ndikakhala pansi ndinkadzuka mogwira mawondo ngati nkhalamba. Mutu sunkawawa, thupi silinkatentha. Ndinkangogwa basi, nthawi zina pabwalo posesa bwino, popanda chondipunthwitsa.

Chimene chinandigulitsa ndi akatumba anga. Anali onenepa ndi olimba, moti wondiona kumbuyo ankati uyu ndiye mlimi. Koma mkamwini amayesedwa ndi mizere, ndipo yanga inkachepa chaka ndi chaka. Apongozi anga aakazi sankandiyankhula pamaso, monga mwa mwambo, koma mawu awo ankadutsa mpanda bwinobwino: "Miyendo ngati mitondo, khasu n'kumamulemera. Tinatola chiyani ife?" Mkazi wanga Nabanda poyamba ankandiikira kumbuyo. Kenaka analeka, ndipo kulekako ndi kumene kunkandiwawa koposa.

Asing'anga ananditema mphini m'mawondo. Kuchipatala chaching'ono cha kwathu anandipatsa mapiritsi a mutu. Zaka zinapita choncho, ana awiri n'kubadwa. Kuchipatala chachikulu ku Lilongwe ndinafikako nyengo yokolola, nditagwa ndi thumba la mtedza n'kuthyoka mkono. Pokwera basi anyamata a chipani anafuna kuona khadi la umembala kaye, za mkono wolendewerawo sanafunse.

Mu wodi mabedi anali odzaza, choncho ndinkagona pansi. M'mawa anamwino ankatidzutsa kuti akolope, kenaka phala, kenaka kudikira adokotala mpaka dzuwa kufika paliwombo. Kugona pansiko ndi kumene kunandithandiza. Adokotala amene anandimanga chikhakha anandiona ndikudzuka, dzanja pabondo, n'kundiuza kuti ndikhalenso pansi ndidzuke kachiwiri. Anandigwira akatumba nthawi yaitali. Patapita masiku anandibaya jakisoni wa dzanzi, n'kudula kamnofu ka pantchafu kochepa ngati nyemba, kuti akatumize ku Blantyre.

Zotsatira zinachedwa. Ndinakadikirira kwa mchemwali wanga ku Mponela, chifukwa mkamwini wa mkono umodzi sakanamupirira. Mkono unapola, chikhakha anachotsa, ndipo mvula yoyamba itagwa anandiitana.

"Bambo," anatero adokotala, "mnofu wabwino tikauyang'ana pa makina okuza zinthu umaoneka ngati mtolo wa udzu wofolera, timaulusi tofanana, tothithikana. Wanu tina tafota, tina tatupa n'kusweka, ndipo pamene pafa palowa mafuta ndi zipsera. Kunenepa kwa akatumbaku si mphamvu ayi. Matendawa munabadwa nawo, ndipo mankhwala owachotsa palibe."

Ndinalira pomwepo. Sanali mantha. Kwa nthawi yoyamba munthu anali atanena kuti sindine waulesi.

Ndinabwerera kwa Kasakula mtima uli m'malo, ndikuganiza kuti akamva andimvetsa. Ndinapeza mphasa ndi zovala zanga zili kale kwa ankhoswe. Tinakhala pansi, ndinafotokoza zonse monga ndinazimvera. Amalume a Nabanda, eni mbumba, anandilola kumaliza, kenaka anati: "Ife makinawo sitinawaone, achimwene. Taona munda." Nabanda ankangoyang'ana pansi. Ana ndi akuchikazi, ndiye ndinachoka ndekha. Mpaka lero mtima wanga sunawakhululukire, ndipo sindinama kuti ndikuyesa.

Tsopano ndimasoka nsapato pakhonde la sitolo ku Malomo. Ndimayenda ndi ndodo. M'mawa uliwonse ndimawongola miyendo monga anandiphunzitsira anamwino, sindinyamula zolemera, ndipo chifuwa chikangoyamba ndimapita kuchipatala osadikira. Mkono unachira ndithu. Miyendo ikuthabe pang'onopang'ono, koma ndikudya thukuta langa.

Inu amene mumagwa popanda chifukwa, kapena muli ndi mwana wodzuka mogwira mawondo, pitani kuchipatala msanga, ndipo akakupatsani mapiritsi a mutu pemphani kuti akutumizeni kwakukulu. Mwina simukachira, koma matenda adzakhala ndi dzina lake anthu asanawapatse lawo. Ine ndinachedwa. Tsiku la msika lapitali mwana wanga wamkazi Esinati anabwera pakhonde panga ndi nsapato zachimuna zong'ambika kumphuno. Anagwada mwaulemu, monga amagwadira mlendo aliyense, n'kunena kuti, "Ababa akuti muwasokere." Zinali za mwamuna watsopano wa Nabanda. Ndinazisoka.