Tsiku Lomwe Tinakankha Galimoto ya Achimwene

Ndinadzuka tambala asanalire, msana ukuwawa chifukwa ndinagona pa thumba la chimanga m'khonde. Amayi amene anachezera kuimba m'nyumba ya siwa anali atasasa mawu. Kuseri kwa nyumba moto unali utayatsidwa kale, utsi ukukwawa kulowera m'munda wa fodya umene mizere yake inali isanathe kuunga.

Ndinapita kuchigafa. M'menemo, pamene anzawo amayanika fodya, achimwene anga a Yotamu ankasungamo galimoto yawo: pikapu yakalekale yobiriwira, ya magetsi ozungulira ngati maso a kadzidzi. Anaigula ili chiphakasa pa esiteti imene ankakonzako mathirakitala, nkhuku zikuikira mazira pansi pa chiwongolero. Anaikonza zaka khumi ndi chimodzi. Zitsulo zina ankakazifuna kwa ogumula magalimoto ku Lilongwe, zina ankasula okha. Ine ndinkawaseka poyera kuti akudyetsa mtembo. Injini italira mu Juni, anandiimbira foni kuti ndibwere andiyendetse mpaka pa Chamama. Ndinayankha kuti ndibwera sukulu imene ndimaphunzitsa ikatsekera. Inatsekera, ndipo sindinabwere.

Dzuwa litakwera, anthu anayamba kufika pa njinga, pa ngolo, ena wapansi. Kunabwera matenanti a ku esiteti, ndi madalaivala okalamba amene sindinkawadziwa. Akapepesa alamu anga a Naphiri, ankadutsira kuchigafa n'kuvula zipewa. Kunatentha kwambiri, ndipo mphepo inkathira fumbi m'mbale za ndiwo.

Cha m'ma leveni alamu anandiitana n'kundipatsa kiyi womangidwa ku chingwe cha nsapato. Anati malemu ankanena kuti sadzapita kumanda pa mapewa a anthu galimoto ali nayo.

Ndinapotokola kiyi, injini inangotsokomola. Anayesa makanika wina, kenako wina. Anasintha batire, anayamwa mafuta ndi pakamwa. Mkulu wina wa imvi anati a Yotamu anali ndi kachitidwe kawo, kuti ankakoka kena kake asanalize, koma sankakumbuka kuti n'chiyani. Ndikanabwera nthawi ija, bwenzi atandionetsa. Abusa ankayang'ana wotchi, ndipo adzukulu anatumiza uthenga kuti manda atha.

Ndiye tinakweza bokosi kumbuyo, amuna n'kuyamba kukankha. Ine ndinakhala pa chiwongolero chifukwa panafunika wowongolera. Galimoto inayenda mwakachetechete mumchenga, amayi akuimba pambuyo. Pa kamtunda ka pafupi ndi dambo inabwerera m'mbuyo pang'ono, ndipo ndinaona pagalasi amayi ovala zoyera za mpingo akuika manja pa bampala. Mwambo wa kumanda sunatalike. Pobwerera tinakankhanso, ili yopepuka.

Madzulo anthu anabalalika. Panatsala mipando ya kutchalitchi yosanjikizidwa, phulusa, ndi mbuzi zonyambita miphika. Alamu anandipeza m'chigafa ndikupukuta zidindo za manja pa penti. Anatsegula chitseko cha mbali ya wokwera. Mpando wa uko unali wokutidwabe ndi pepala la pulasitiki.

"Ine ndinkakwera kumbuyo, alamu," anatero. "Apa ankati woyamba kukhalapo ndinu."

Anatseka chitseko pang'onopang'ono n'kulowa m'nyumba. Ndinatsala nditagwira kansanza, ndipo m'nyumbamo palibe anayatsa nyali.