Jailos ndi Dayamondi wa M'botolo

Pa anthu onse ogwira ntchito pa esiteti ya tiyi ija, kumunsi kwa phiri la Mulanje, Jailos yekha ndi amene ankayenda ngati mvula siimugwera. Anzake ankalowa m'munda m'mamawa, madengu kumsana, mame mpaka m'chiuno, iye ali pakhonde pa bwana wamkulu atavala zoyera, thileyi m'manja. Anabadwira kutsidya kwa Apwitikizi ndipo anawoloka mtsinje wa Muloza ali kumbuyo kwa amake. Amakewo atamwalira anakulira kukhitchini kwa azungu, kuyambira kukwecha mapoto mpaka kuperekera zakudya patebulo. Chingerezi chake chinali cha mbale ndi mafoloko, koma ankachiwaza paliponse, ngakhale pogula usipa. Ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti chilichonse chimene mzungu wachita chili ndi nzeru m'kati, ngakhale kuvalira jekete chakudya chamadzulo m'mwezi wa Okutobala.

Munthu wotereyu anakonda Esteri, mtsikana wothyola tiyi wa ku Milonde, wa manja achangu ndi mawu ochepa. Esteri anamulola, koma anamuuza mosapsatira kuti kulola kwake sikukwanira, mpaka avomere a Pilato, atsibweni ake, eni mbumba. Apa ndi pamene panagona vuto. Kwawo kwa Esteri mwamuna amakakhala kwa mkazi, ndipo amamuyesa ndi khasu. Jailos analibe mudzi, analibe mbale, ndipo zikhatho zake zinali zofewa ngati za mwana wakhanda. A Pilato atamva za iye anangoti, "Munthu wopanda kwawo, akadzatilakwira tidzakadandaula kwa yani? Kwa supuni?" Mawuwa anamufika Jailos ndipo anamupweteka kwambiri.

Nzeru anaipeza pakhonde pomwepo. Chaka chimenecho bwana wamng'ono, woyang'anira fakitale, ankafuna kutomera namwino wina wa ku Blantyre, ndipo mnzake anamubweretsera miyala ya dayamondi kuchokera ku Halale kuti asankhepo wa pamphete. Popeza mnyamatayo sankadziwa kanthu kupatula fungo la tiyi, anapempha dona wa bwana wamkulu kuti amuthandize. Jailos anathira tiyi pang'onopang'ono tsiku limenelo, khutu lili tcheru.

Mwala wozungulira, wothwanima kwambiri, dona anaukankhira pambali. Anati kuthwanima kotero kumabisa zinyalala za m'kati, ndipo Jailos mumtima anavomereza kuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kenako dona anatola wina wamtali, wa ngodya zinayi zosadzula pang'ono, wosalala pamwamba, m'kati mwake mukuoneka timasitepe totsika. Anaukweza padiso, nauloza pa nsalu yoyera ya patebulo, nasuzumira kwa kanthawi. Anati mwala wosemedwa chotere subisa kanthu, kachilema kalikonse kamaonekera, choncho wopereka mwala wotere ndi munthu wopanda chobisa. Jailos anatsala pang'ono kugwetsa thileyi. Nanga iye, munthu wopanda mudzi, akanafunanso umboni wina wotani?

Dayamondi analibe, koma anali ndi chotsekera chagalasi cha botolo la mowa limene bwana wamkulu anaswa pa Khirisimasi atakhuta. Anayamba kuchinola pa mwala wonolera mipeni, kenako ndi mchenga wa kumtsinje, pomaliza ndi mankhwala opukutira masupuni. Dzinja lonse linathera pamenepo. Anyamata ena ofuna akazi ankapalira m'minda ya apongozi, iye ali kuseri kwa khitchini kukhutiza galasi pamwala, akudziuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Mmisiri wa zidebe wa pa Nkando anamukhomera mwalawo pa mphete ya mkuwa wochotsa ku chitofu chakufa cha pulayimasi. Wa bwana unali ngati njere ya nandolo. Wa Jailos unali ngati chikhadabo cha chala chachikulu, chifukwa sankaona chifukwa chochepetsera chikondi. Pakona pena panatsala kathovu kakang'ono kamene kanakana kuchoka, koma anadzitonthoza kuti a Pilato maso awo ndi okalamba.

Pali chinthu chimodzi chimene Jailos sankadziwa, ndipo safunsa anadya phula. Zaka makumi awiri m'mbuyomo, m'midzi imeneyo munadutsa anthu a mchape, osaka mfiti. Ankandandalika mudzi wonse pamzere, mmodzi wa iwo n'kumayang'ana aliyense pa kakalilole kakang'ono. Amene kalilole wamukana ankamutulutsa pamzere. Amake a Esteri, a Janeti, panthawiyo anali mayi wamng'ono wa mwana mmodzi, ndipo anatulutsidwa. Anawamwetsa mankhwala oyesera ufiti, sanafe, koma dzina linawakakamira. Kuyambira pamenepo panalibe mayi wowasiyira mwana kuti amugwirire, ndipo pamaliro sankawalola kuyandikira mphika. Nkhani yotere mtsikana sauza chibwenzi.

Lamulungu lina masana Jailos anafika ku Milonde atavala nsapato zimene bwana anataya. Nkhoswe anachita kubwereka, a Samueli, kuki wa kunyumba kwa bwana, amene analonjeza kukhala atsibweni ake mpaka dzuwa kulowa. Anthu anasonkhana pansi pa mango, ambiri kudzaona nsapatozo. A Pilato anayamba mafunso awo, za mudzi, za khasu, za kumene amake anaikidwa, ndipo a Samueli ankayankha mozungulira ngati munthu wosaka poolokera.

Chikole, mphatso yotomerera, mwamuna amapereka kwa mtsikana mwakachetechete, mtsikanayo n'kukaonetsa akuluakulu ake. Jailos anaona kuti zimenezo n'zachikale. Anaimirira pakati pa mafunso, a Samueli akumukoka kabudula, natulutsa mphete m'kansalu.

"Musathinane," anatero. "Imani pamzere, mmodzimmodzi. Chinthu ichi chimafuna dongosolo."

Anaikweza padiso monga anachitira dona, nafunafuna choyera choti alozepo. Choyera chokha pabwalopo chinali duku la a Janeti, amene anaima kumbali pafupi ndi nkhokwe, lichero m'manja, kumene ankaima nthawi zonse pakakhala anthu.

"Mayi, imani pomwepo, musasunthe. Mwala uwu subisa kanthu."

Mkulu wina amene anali patsogolo pa mzere anakumbukira mwadzidzidzi kuti mbuzi zake sanazimange. Esteri anagwira pakamwa. A Janeti anaika lichero pansi, napukuta manja pachitenje, nabwera mpaka pamaso pa Jailos. Mawu awo anatuluka owongoka.

"Yang'anani bwino, bambo. Anzanu aja anachita mothamanga."

Jailos anatembenukira kwa a Samueli, osamvetsa. Kukiyo, amene anaona mchape ndi maso ake ali mnyamata, anamunong'oneza kukhutu mawu ochepa, ndipo Jailos thukuta linamutsika mpaka m'nsapato za bwana. Anachita manyazi amene sanachitepo chibadwire. Akanatha kuseka n'kunena kuti ili ndi botolo chabe, la mowa wa bwana. Koma mayiyo anali ataima kale pamaso pa mudzi wonse, kachiwiri, ndipo kumubweza ndi nthabwala kukanakhala kumuvula.

Ndiye anakwezanso mphete ija. Anasuzumira nthawi yaitali, natembenuza, nasuzumiranso, nkhope ataikwinya ngati dokotala wa ku mishoni. Zimene ankaona ndi duku loyera litaduka m'timasitepe, maso awiri onyowa, ndi kathovu kake kaja pakona.

"Mulibe kanthu, mayi," anatero mokweza. "Ndayang'ana mpaka pansi. Ngakhale kadontho. Amene anakuonani kale aja galasi lawo linali lakuda."

A Janeti sanalire. Anangokhala pansi pomwepo, padothi. Amayi ena anayang'anizana. Mmodzi anayamba kanthungululu, koma kanathera pakhosi ataona kuti Jailos akadali chigwirire mphete ndipo mzere ukadalipo. Wotsatira pamzerepo anali a Pilato, amene anali ndi nkhani yawoyawo yokhudza malire a munda wa malemu mlamu wawo.

"Nkhani yatha," anatero a Pilato mofulumira. "Mwanayu ndi wathu. Mudzi alibe, tamupatsa uno. Achimwene, kachinthuko kaikeni m'thumba."

Sikanalowe m'thumba. A Janeti anatambasula dzanja, ndipo Jailos sakanakana. Mphete imene inamudyera dzinja lonse a Janeti anaimanga pa ulusi n'kuivala m'khosi, pamwamba pa bulauzi, kuti wopita kumsika ndi wopita kutchalitchi aione. Pasanathe mwezi anthu anawaona atabereka mwana wa mnansi wawo, akuyenda naye mudzi wonse popanda kumene akupita. Esteri sanaivale ngakhale tsiku limodzi.

Jailos anavula zoyera zija n'kukakhala mkamwini ku Milonde. Kulima kwake kunali koseketsa, mizere yokhota ngati njira ya woledzera, ndipo a Pilato ankadutsa kumundako atayang'ana kumbali. Anthu ankabwera kuchokera mpaka ku Limbuli ndi nkhuku kukhwapa, kuti Jailos awaonere pagalasi amene akuwalodza. Iye ankawabweza, akuti galasi lili ndi apongozi, kapempheni kumeneko. Palibe anapitako. Monga mwa mwambo, mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana kumaso, choncho akakumana panjira wina ankapatukira m'udzu, n'kupatsana moni atafulatirana.

Koma bodza lija linkamudya. Pamene mwana wawo woyamba anayamba kukwawa, tsiku lina akutonola chimanga ndi Esteri pakhonde, anamufunsa ngati si bwino kuti wina awauze mayi zoona za mwalawo, popeza iye sangathe kuwayang'ana kumaso.

Esteri sanasiye kutonola.

"Amayi anazindikira botolo tsiku lomwelo," anatero. "Kalilole wa anthu aja nayenso anali wa m'sitolo ya Amwenye ku Limbuli. Amayi anawaona akugula. Kungoti panalibe wowamvera."

Anakankhira dengu kwa mwamuna wake kuti athiremo zake.