Kalata ya Munshi Tufail imene ndinakana kulemba

Mpaka lero sindimvetsa chimene Munshi Tufail ankafuna kwa ine. Anali mmodzi mwa alembi aja okhala pansi pa mtengo kunja kwa khoti m'tauni yathu, kufupi ndi Sialkot, olembera madandaulo anthu osadziwa kulemba. Ine ndinkaphunzitsa Chingerezi pasukulu ya mishoni, ndipo popita kunyumba ndinkadzera pomwepo.

Tsiku lina anandiitana. "Aphunzitsi! Akuti Chingerezi chanu ngakhale Mzungu amachita kupempha kuti mubwereze. Khalani pansi timwe tiyi."

Munthu akayamba ndi kunditamanda, ine ndimayang'ana kumene kuli njira yothawira. Komabe ndinakhala. Wogulitsa tiyi anandibweretsera kapu yobenthuka ija amasungira ife Akhristu. Tufail anailanda n'kumwera, ine n'kundipatsa yake, anthu akuona.

"Azungu ali ndi mawu akuti logic," anatero. "Ife m'Chiurdu tili nawo atatu. Mantiq ndi nzeru za m'mabuku, daleel ndi chifukwa chimene umaika pamaso pa woweruza, bahs ndi zija timachita ndi mayi akunyumba mpaka mphodza kupserera. Nanga logic ndi ati?"

"Onani m'dikishonale."

"Yandiyalira onse atatu ngati wogulitsa nsapato. Ndikufuna munthu andiuze yondikwana."

Mkazi wanga Sosan atamva anaika chipande pansi. "Msilamu kumwera kapu yanu pagulu? Lero ndi logic, mawa adzakufunsani chipembedzo chimene chili ndi logic, mboni zitakhala kale pabenchi kuti akuimbeni mlandu wonyoza chipembedzo chawo. Bambo a Yunas, muzidzera kumsika."

Njira sindinasinthe, koma kwa miyezi isanu ndinkamuyankha mawu awiri kapena atatu basi. Za chipembedzo sanafunsepo. Zimenezo zinangondiwonjezera mantha, ndinkati akudikira tsiku lake.

Kenaka kukhoti kunabwera bwana watsopano, wophunzira kunja. Analamula kuti mlembi aliyense apemphenso chilolezo chokhala pamalopo, m'kalata ya Chingerezi yofotokoza zifukwa. Wolephera achoke. Tufail anandionetsa pepala lake la Chiurdu: zifukwa zisanu ndi ziwiri, chilichonse chikutuluka mwa chinzake.

"Mungozitembenuza ndi dzanja lanu lokongolalo. Bwanayo akuti ife alembi tilibe logic. Zaka makumi atatu pansi pa mtengo uno! Aone kuti ilipo."

Ndinawerenga kawiri. Munalibe choipa. Koma ndinaganiza za pepala lolembedwa ndi dzanja langa lili m'thumba mwa munthu amene ntchito yake ndi kulemba milandu, ndiponso za malo otsala m'munsi mwake, poti wina atha kuwonjezerapo mzere umodzi. Ndinati maso akundivuta.

"Maso," anatero, akupinda pepalalo bwinobwino. "Imeneyo si daleel, Aphunzitsi. Ngakhale pa bahs siyikwana." Anaseka, n'kuitanitsa tiyi wina.

Kalatayo analemba yekha ndi dikishonale ija, ndipo chilolezo anamukaniza. Sabata yotsatira pamalo pake panali munthu wina ndi makina otayipira. Sosan anati umenewo ndi umboni woti Tufail anachita kutumidwa, ndipo omutumawo ataona kuti sindikodwa anamusamutsa. Sindinamutsutse, ngakhale sindinaone kuti mfundoyo ikutuluka pati.

Wogulitsa tiyi anamuona Tufail akukwera basi m'mawa, kabokosi kake ka inki kali kukhwapa. Ena amati anapita kwa mwana wake wamkazi ku Multan, ena amati ku Karachi. Basi imeneyo siipita ku Multan kapena ku Karachi.