Tsiku Limene Amuna Anga Anatsitsimutsa Nsomba

Amuna anga ndi dalaivala wa thirakitala pa esiteti ina ya tiyi kuno ku Thyolo, ndipo chilowereni m'banja, nsomba imene ndinawaonapo atagwira ndi ya m'mbale yokha. Choncho atabwera kunyumba n'kunena kuti alowa mpikisano wowedza, ndinayamba ndawanunkhiza kukamwa.

Sanamwe. Nkhani yake inali yakuti chaka chilichonse m'mwezi wa Malichi, mvula ikamatsazika, mabwana a m'maesiteti ndi anzawo a ku Limbe amasonkhana padamu la kumunsi kwa fakitale kudzapikisana. Amawedza awiriawiri m'boti. Mnzawo wa bwana manijala wathu anadwala malungo, ndiye bwanayo anangoloza munthu amene anali pafupi. Munthuyo anali amuna anga, akupopa tayala.

"Nsomba zake ndi chambo?" ndinawafunsa.

"Ayi, mayi. Basi."

"Basi chiyani? Ine ndafunsa dzina."

"Dzina lake ndi lomwelo."

Tinakokanakokana mpaka ndinamvetsa kuti m'damumo muli nsomba yachizungu ya kukamwa kwakukulu yotchedwa basi. Ndinatumiza uthenga kwa achemwali anga ku Goliati kuti Loweruka abwere, kunyumba kuli ndiwo. Tsikulo tinatsetsereka tonse m'kanjira ka m'tiyi, ine beseni lili pamutu.

Amuna anga anali atakumba nyongolotsi zodzaza chitini, koma anawauza kuti n'zoletsedwa. Nyambo yake inali achule apulasitiki obiriwira, ogula kusitolo. Anakwera boti ngati akukwera ng'ombe yolusa, manja onse awiri ali m'mbali, chifukwa kusambira sadziwa. Ataponya mbedza koyamba anakola chipewa cha bwana. Kachiwiri anakola bango. Kachitatu sindinaone bwino, koma ndinamva bwana akulankhula Chichewa chimene sindinkadziwa kuti amachidziwa. Kenako anawauza kuti angosiya chingwe m'madzi, asaponyenso, ndipo asagwedezeke.

Anamveradi. Dzuwa litakwera, ife tikudya nzimbe pamthunzi, tinaona mutu wawo ukuwerama pang'onopang'ono. Anagona. Boti linkangoyenda ndi kamphepo, chule wawo akukwekwereka kumbuyo. Mwadzidzidzi ndodo ija inapindika, iwo n'kudzidzimuka n'kuimirira.

"Ng'ona, bwana," anatero.

"Muno mulibe ng'ona. Khalani pansi, kokani."

Anakoka atatsinzina. Chimene chinatuluka chinali chinsomba chonenepa ngati ntchafu yanga, kukamwa kwake koti chibakera n'kulowa. Achemwali anandigwira dzanja n'kunong'ona kuti mutu wa nsombayo adya ndi iwo.

Boti litafika kumtunda ndinathamanga ndi beseni. Mayi wina wa ku Limbe, amene ankayang'anira sikelo, anandiimitsa mwaulemu.

"Amayi, nsombazi tikaziyeza timazibwezera m'madzi."

"Kuti zikatani?"

"Kuti zikule, tidzazigwirenso chaka chamawa."

"Ndiye mukadzazigwira?"

"Tidzazibwezeranso."

Ndinayang'ana achemwali, achemwali anayang'ana kumwamba. Mayiyo anawonjezera kuti nsomba yakufa saiwerengera pampikisano, mwini wake angathe kupita nayo. Apo mtima wanga unabwerera m'malo, chifukwa chinsomba chija chinali chitagona chagada mu ndowa, mimba yoyera ili kumwamba.

Koma amuna anga anali atamva kale kukoma kwa kuomberedwa m'manja. Munthu woopa madzi uja anapinda thalauza, analowa m'damu mpaka m'mawondo, atanyamula nsombayo ngati khanda. Ankaiyendetsa uku ndi uku m'madzimo monga anawalangizira bwana, akuinyengerera m'Chilomwe, chinenero chimene amachisungira ana akadwala. Anaiuza kuti ilimbe mtima. Anailonjeza nyongolotsi zenizeni. Ine kumtunda ndinkapemphera pemphero lotsutsana nalo, achemwali akung'ung'udza nyimbo ya maliro chapansipansi kuti aithandize kupita.

Mulungu anamvera amuna anga. Mchira unagwedezeka, kenako nsomba ija inawamenya nawo pachibwano. Anathamanga nayo kusikelo akudontha madzi, ndipo boti lawo linakhala lachiwiri. Poibwezera m'damu anaitsazika ndi dzanja. Sinacheuke.

Mphoto yawo inali jekete yoyandamitsa munthu pamadzi, yachikasu chowala, ya malamba akuda. Anaivala pomwepo ndipo sanaivule mpaka kunyumba. Mawa lake anafuna kupita nayo kutchalitchi, ndinawauza kuti asankhe pakati pa jeketeyo ndi ine. Anaganiza nthawi yaitali kuposa mmene ndinkayembekezera.

Sabata yotsatira anaivala popita ku Luchenza panjinga. Ataima m'mbali mwa msewu kuti akonze tcheni, anyamata a njinga zamoto anawaonera patali n'kuganiza kuti ndi apolisi apamsewu. Ena anatembenuka, ena analowa m'minda ya tiyi ndi okwera awo omwe. Mmodzi anafika n'kuima yekha, akupepesa kuti chipewa chodzitetezera waiwala kunyumba. Amuna anga anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, anamuuza kuti asadzachitenso, kenako anamupempha kuti awagwirire njinga pamene akubwezeretsa tcheni.