Mkamwini Wobzala Kapinga

Tsiku limene Alfonsi anapirikitsidwa paukamwini ku Chiparamba, apongozi ake anamuponyera mphasa panja. "Ife timafuna mkamwini wolima, osati wobzala kapinga! Nyamukani!"

Inu, kapinga! Udzu umene anthu amathyoka nawo msana pouzula, iye n'kumauthirira m'dimba la eni ake. Mkazi wake Edita anatsala pamudzipo, mwana ali kumsana.

Komatu Alfonsi sanali wamisala. Anabwerako kunkhondo mu 1945 akutsimphina, kulima mizere kukumukanika. Ali msilikali ku Nairobi anaona bwalo la gofu, masewera ogogoda kampira ndi ndodo mpaka kalowe m'kadzenje, udzu wake uli see ngati bulangete. Kuno ku Fort Jameson, Chipata ya leroyi, azungu ankagogodera pamchenga wothira oyilo, wonunkha, wodetsa nsapato. Zinkamunyansa koopsa.

Anasenza kapinga wake m'dengu mpaka kutauni. Atapempha malo obzalapo, kapitawo wa pabwalo la gofu anamuseka. Mawa lake uyo wabweranso. Atatopa naye, kapitawoyo analoza kangodya kouma gwa. "Bzala apo, usandisokosenso."

Chiswe chinadya, iye anabzalanso. Ng'ombe zinapondaponda, anatchinga ndi minga. Dzuwa la Okutobala linawaula zonse, munthu n'kumakatunga madzi kudambo ndi mwendo wotsimphina womwewo, akulalatira udzu. "Iwe, kumunda umamera osakuitana, kuno ukufuna ndichite kukugwadira?"

Mvula itagwa, pakangodya paja panati biriwiri. Anameta udzuwo mpaka kusalala. Osewera atayesapo, kampira kanangoyenda myaa, osadumpha. Eni bwalo anamulemba ntchito yosamalira bwalo lonse n'kumupatsa kanyumba. Kusewerapo ndiye ayi, munthu wakuda sankaloledwa, ndipo zimenezi zinkamuwawa zedi.

Koma chenicheni chimene ankalirira ndi banja lake. Anatumiza uthenga kumudzi, kuli zii. Anatumizanso.

Tsiku lina masana Edita anatulukira, mtolo uli pamutu, mwana uja akuyenda yekha. Anagwada paudzupo kuti apereke moni. Ali chigwadire, dzanja lake lozolowera kupalira linayamba lokha kuzula.

"Amake mwana, mundichotsetsa ntchito!" anakuwa Alfonsi, misozi ili mbwee.

Inu amene mukusekedwa lero, amene akuponyerani mphasa panja, limbikani nacho chanucho. Chiswe chikadya, bzalaninso. Musataye mtima, abale anga.