Mbendera Imene Anandilanda

Mdzukulu wanga walowa gulu lozunguza mbendera kusekondale kwawo kuno ku Leicester, ku England. Dzulo akupolisha nsapato pakhomo, fungo la polishi linandikumbutsa za kale kumudzi.

Ndili Sitandade 5, anandisankha kunyamula mbendera pa perete wa sukulu. Mwezi wathunthu ndinayeserera ndi nsungwi mpaka manja anachita matuza. Tsikulo ndinalawirira kumtsinje, kukwecha zikang'a ndi mwala, n'kudzola mafuta a nsatsi.

Aphunzitsi anandiyang'ana kumapazi.

"Nsapato zili kuti?"

"Ndilibe, aphunzitsi. Koma ndasamba."

"Alendo adzaone mapazi amenewa? Bweretsa mbenderayo."

Anaipereka kwa mwana wa akalaliki, amene sanayesererepo. Ng'oma italira, anainyamula chopendeka, nsalu ikukhudza fumbi. Ine ndinaguba pamzere wotsiriza, mapazi anga akunyezimira.